Ulusi Wofiira mu Mpendero

A Telala ndawadziwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Zaka zonsezo takhala pakhonde limodzi la sitolo ya zitsulo, iwo kumanja ndi makina awo opalasa ndi miyendo, ine kumanzere ndi nsapato za anthu. Iwo amanditcha a Guluu, ati ndimanunkha ntchito yanga. Ine sindinawapatse dzina lina, poti ngakhale akazi awo ali moyo ankangoti a Telala. Sukulu tonsefe sitinapite nayo patali. Ndilemba zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo pamene ndinalakwa ine ndinena.

Ndi munthu wa mawu ochepa. Pakamwa pawo nthawi zambiri pamakhala mapini, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Msoko ukakhota pang'ono amausula wonse, ngakhale mwini chovala asanaone kanthu. Chifukwa cha ichi sanalemere, koma palibe amene anabwezapo chovala chawo.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Timamutcha Kabatani chifukwa ali wokwawa ankakhalira pansi pa makina kutola mabatani. Anakula wanzeru, ndipo chaka chimene mayi ake anamwalira ndi chimene anasankhidwa kupita ku koleji, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. A Telala anagulitsa makina achiwiri, aja ankasokera malemu akazi awo, n'kulipira fizi ya chaka choyamba kubanki. Zotsala zinali zapamwezi: chakudya, mapepala, sopo, ndi ndalama ya mayeso.

Ine ndili ndi mwana amene anaphunzirako kutali, ndiye njira ndinkaidziwa. Ndinawauza kuti tsidya la msewu pali kakontena ka mayi wotumiza ndalama pafoni, ukapereka pano mwana walandira uko usanabwerere n'komwe pampando. A Telala anakana. Anati ndalama yosaoneka ndi maso sangaikhulupirire, ndiponso nambala imodzi ikalakwika thukuta lawo likadyedwa ndi munthu wosamudziwa. Ndinatchula banki, iwo anati kumeneko amakuimitsa pamzere theka la tsiku kuti akakuuze kuti wasaina molakwika. Anali ndi njira yawoyawo.

Njirayo inayamba kalekale. Asanabwere pakhonde pathu ankasoka mayunifolomu kufakitale ina yakutali, akazi awo ali kunyumba. Makalata okhala ndi ndalama ankasowa m'njira. Choncho ankasoka diresi, n'kupinda ndalama zamapepala mopyapyala, n'kuzikulunga m'kapulasitiki kuopa madzi, n'kuzilowetsa mu mpendero. Pamalopo ankatseka ndi ulusi wofiira cham'kati, kachidutswa kotalika ngati chala. Mayiwo akalandira diresi ankangotembenuza mpendero n'kufunafuna pofiira. Zaka zisanu palibe ndalama inasowa.

Kabatani atapita, a Telala anayambiranso zomwezo. Mwezi ukamatha ankasoka diresi kapena siketi, n'kusita ndalamazo ndi nsimbi kuti zigone bwino, n'kumanga phukusi ndi tinsalu totsala, n'kukapatsa dalaivala wa basi yam'mawa. Dalaivala ankangodziwa kuti wanyamula chovala. Ndinawafunsa a Telala kamodzi ngati mwanayo akudziwa za ulusi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, nati mayi ake anamuuza ndithu, akazi amauzana zonse.

Foni analibe, ankaimbira yanga. Yanga inagwa pansi kalekale ndipo imalankhula mokuwa, khonde lonse limamva, mpaka onyamula simenti a m'sitolo. Chotero a Telala sankatchula ndalama pafoni, kuopa makutu. Ankangofunsa ngati katundu wafika. Mwana ankati wafika, zikomo. Nthawi zina ankawonjezera ndi mawu otsika kuti zinthu zavutako kumeneko. Iwo ankayankha kuti ayang'ane bwino katunduyo, wina abwera mwezi ukatha. Mwana ankati chabwino.

Apa ndiye pamene ndinalakwa ine. Ndinkamva zonsezo, ndipo m'malo mowauza kuti alankhule poyera, ndinaweruza mwanayo. Ndinawauza a Telala kuti ana a masiku ano sakhuta, kuti zikomo wakeyo ndi wouma, kuti akudya ndalamazo ndi anzake. Iwo anangoyamba kubwera m'mamawa kuposa kale, ndipo masana anasiya kugula chakudya.

Miyezi isanu ndi iwiri itapita, tsiku Lachitatu chakumadzulo, tinaona mtsikana akukoka sutikesi yothyoka tayala. Ine ndimayamba kuona nsapato, ndipo zake zinali zitatha chidendene mbali imodzi. Nditakweza maso ndinaona kuti ndi Kabatani, atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anapereka moni kwa bambo ake ndi kwa ine mwaulemu, n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Anafotokoza kuti ku ofesi achotsa dzina lake pa olemba mayeso, ndipo akapanda kulipira pofika Lachisanu chaka chonse chapita pachabe. Miyezi yonseyi ankadya zimene ankapeza poluka anzake tsitsi, ndipo ya basi anaipeza momwemo.

“Bambo, sindikudandaula,” anatero akutsegula sutikesi. “Ndikudziwa kuti ndalama mulibe, n'chifukwa chake mumanditumizira zovala. Ndabwera nazo kuti muzigulitse. Zonse n'zatsopano, mwina ndalama yake ikwanako.”

A Telala anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi. M'sutikesimo munali maphukusi asanu ndi awiri. Limodzi lokha ndi limene linali lomasulidwa. Ena onse anali ndi mfundo zawo zomwe zija, mmene anamangira ndi manja awo.

Anatenga diresi lapamwamba, natembenuza mpendero, nadula pofiira ndi lezala. Kapulasitiki kanagwera pa makina. Anatenga lachiwiri, lachitatu, mpaka onse. Mwanayo anagwira pakamwa.

“Amayi ako sanakuuze za ulusi wofiira?”

“Ulusi wanji, bambo?”

Mayi ake a Kabatani anadwala miyezi yambiri, ndipo za ulusi sizinali m'mutu mwa munthu. Kenako a Telala anafunsa funso limene ndikudziwa kuti ndi limene linkawapweteka.

“Nanga osayesako ngakhale limodzi, mayi?”

Kabatani anayamba kulira, koma sananame, ndipo pa ichi ndimamulemekeza. Anati loyamba lija analimasula m'chipinda anzake akuona. Atangoona kutalika kwake ndi manja ake ofika m'zigongono anaseka mpaka kugwa pabedi, ati wabwera kudzaphunzira kapena kudzatsogolera kwaya. Analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Enawo sanafunenso kuwaona.

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Ine ndikanakalipa. Iwo anangosonkhanitsa timapulasitiki tija, nandiuza kuti, “A Guluu, nyamukani, mundiperekeze kwa mayi wanu uja.” Tinawoloka msewu tonse atatu. Mayi wa pakontena atawaona anaseka, nati lero kugwa mvula poti a Telala apondako pakhomo pake. Anaika ndalamazo mufoni ya mwanayo, mwanayo n'kulipira ku koleji ali chiimire pomwepo. Uthenga wovomereza utafika, a Telala anauza mwana awerenge mokweza. Atamaliza anandipatsa ine foniyo kuti ndiwerengenso, ngati kuti maso anga ndi abwino kuposa a mwana wa ku koleji.

Pobwerera ndinamuvula nsapato zija n'kuziika zidendene zatsopano. Ndinamuuzanso pamaso pa bambo ake zimene ndinkamunenera, ndipo ndinapepesa. Anati palibe kanthu, ankolo. Kanthu kanalipo, koma ndinalandira.

Asanakwere basi m'mawa mwake Kabatani anafuna kubwezera madiresi aja m'sutikesi, ati awavala tsopano. A Telala anamuletsa. Anati chovala chovalidwa chifukwa cha chisoni sichikhala bwino m'thupi.

“Ndalama uzilandira pafoni mwezi uliwonse,” anatero. “Koma diresi sindidzakusokeranso mpaka udzandipemphe wekha, ndi kundiuza wekha mmene ukulifunira.”

Papita zaka zitatu. Mayeso aja anakhoza. Madiresi aja a Telala anawagulitsa limodzilimodzi kwa amayi odutsa, ndipo ogulawo amawavala mpaka lero. A Telala anagula kafoni kamabatani kamene amakasunga m'kadilowa ka makina pamodzi ndi singano. Mwezi ukatha amasitabe ndalama ndi nsimbi asanawoloke msewu, ndipo mayi wa pakontena amati m'tauni monse palibe ndalama zaudongo ngati zimenezo. Nambala ya mwana anailemba ndi choko pakhoma, pamwamba pa makina, ndipo mvula ikaifufuta amailembanso.

Kabatani amaliza chaka chino. Tsiku lolandira mapepala ake latsala miyezi itatu. Pansi pa tebulo la a Telala pali nsalu yabuluu, yabwino kwambiri, imene anagula chaka chatha n'kuikulunga m'pepala. Ndawaonapo akuitulutsa, kuisisita ndi dzanja, n'kuibwezera. Ndawaonanso akuyang'anitsitsa atsikana a m'maofesi akamadutsa, kuona pamene madiresi a masiku ano amalekezera.

Sabata yatha ndinawauza kuti ndimuimbira mwanayo ndimunong'oneze, poti mwina akuchita manyazi kupempha. Anandiloza ndi sizasi, nati ndikangoyerekeza tisiyana khonde. Anati iwo ananena kuti apemphe yekha, ndipo mawu awo sasula ngati msoko.

Mpaka pamene ndikulemba pano mwanayo sanapemphe, ndipo nsaluyo sinadulidwe.