Dzira Lomwe Tinalitumiza Kumwamba

Fungo la guluu limandibwezerabe m'galaja yathu ya ku South Bend, ku America, chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chipale chofewa chinali chikusungunuka, madzi akuda akulowa pansi pa chitseko, ndipo ine ndi Adadi tinkamata roketi ya makatoni titavala majekete, mphuno zikuchucha. Mpikisano wa masukulu unali ku Indianapolis, ndipo lamulo lake linali limodzi: roketi inyamule dzira laliwisi, ilibweze pansi losasweka.

M'mimba mwa roketiyo munali kakompyuta kofanana ndi bokosi la machesi. Aphunzitsi anatiuza kuti zombo zopita ku Mars zimatera chomwecho. Uthenga wochokera kuno umachedwa kufika, choncho kompyuta imadziyezera yokha kutalika n'kutsegula parachuti. Yathu inafunika kutsegula patatsala mafiti 100 kuti roketi ifike pansi.

Adadi anali nesi, koma miyezi imeneyo anasanduka injiniya. Ku tchalitchi panalibe amene sanauzidwe kuti mwana wawo akutumiza zinthu kumwamba. Komanso anali ndi khalidwe lina: nambala ya ku America sankaikhulupirira mpaka ataitembenuza. Wailesi ikati nyengo ili pa madigiri 50, iwo ankang'ung'udza kuti, "Ndiye kuti teni." Nyama ya mapaundi ankaigula m'makilo a m'mutu mwawo. Ngakhale msinkhu wanga, pafelemu ya chitseko cha kukhitchini, ankaulemba m'masentimita.

Tsiku la mpikisano bwalo la kufupi ndi Speedway, kothamangitsira magalimoto, linali matope okhaokha. Anti, mlongo wawo wa Adadi, anabwera kuchokera ku Beech Grove ndi magalimoto awiri odzaza anthu a ku tchalitchi, beseni la mandasi, ndi foni yojambulira abale a ku Lilongwe. Ine oyendetsa mpikisano anandiitana kukayezetsa dzira.

"Pita mwanawe, nambala ndiseta ndine," anatero Adadi, akutsegula laputopu.

Ndinawakumbutsa m'Chingerezi kuti ndi 100.

"Ndamva kalekale."

Roketi inanyamuka bwino moti mtima wanga unakwera nayo limodzi. Inasanduka kadontho, kenako inatembenuka. Anti anayambapo nthungululu. Roketi inkabwera, parachuti osatseguka. Inkabwerabe. Itangotsala pang'ono kugunda, kansalu kofiira kanatuluka ngati ambulera ya munthu wonyowa kale, ndiye phwaa! Nthungululu ija inathera pakhosi, koma foni inapitiriza kujambula.

Woweruza, bambo wina wandevu zoyera, anatokosa zotsalazo ndi pensulo, dzira likuyenderera, kenako anayang'ana pa laputopu. Anati kompyuta sinalakwe, inachita zomwe inauzidwa, ndipo anafunsa kuti ndani analemba 30. Ndinayang'ana Adadi. Milomo yawo inkagwedera mwakachetechete, ndipo ndinadziwa kuti akuwerengera. Mafiti 100 anawatembenuza kukhala mamita 30, n'kupatsa kompyuta yomwe inkangodziwa mafiti.

Anthu onse a ku tchalitchi anali chilili kumbuyo kwawo, mandasi ali m'manja. Zinandiwawa kwambiri kuluza, koma kuona Adadi akuchita manyazi pamaso pa anthu amenewo sindikanatha. Ndinati ndine ndinalemba. Anti anandisisita kumutu n'kunena kuti ana okulira kuno masamu amawavuta. Ulendo wonse wobwerera, maola atatu, m'galimoto munkanunkha dzira, ndipo Adadi sanatembenuze nambala ngakhale imodzi ya pamsewu.

Pa nthawiyo ndinkanyada kuti ndapusitsa aliyense, ndi Adadi omwe, popeza nkhaniyo sanaitchulenso. Chaka chatha, nditapita kukawaona, ndinaima pachitseko cha kukhitchini chija n'kuwerenga mizere ya msinkhu wanga. Masentimita analekera chaka cha dziracho. Mzere wotsatira, wolembedwa ndi dzanja lawo lomwelo mosindikiza kwambiri, unati mafiti 4, mainchesi 9.