Mawu a malemu m'disiki yokana kutseguka

Zaka zimenezo ndinkakhala ku Area 25, m'nyumba ya zipinda ziwiri, china nditachidzaza ndi makompyuta akufa. Anthu ankanditcha katswiri. Zoona zake, ambiri mwa makompyutawo ndinkangowapukuta fumbi n'kudzuka okha, koma zimenezo sindinkauza munthu.

Tsiku lina amayi a nyumba yoyandikana nane, a ku Ntcheu, anabwera ndi disiki ya kompyuta ataikulunga m'chitenje. Amuna awo, amene anamwalira chaka chapitacho, ankatsogolera kwaya kutchalitchi, ndipo munthu wina anawajambulapo mawu akuphunzitsa nyimbo. Kompyuta ya wojambulayo inapsa, n'kutsala disikiyo.

"Mwananga, mawu a amuna anga ali umu," anatero. "Kwina kulikonse kulibe."

Kompyuta yanga inkayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Disikiyo inaiona, koma kuiwerenga inakana. Disiki iliyonse ili ndi kasanjidwe kake ka mafayilo, ndipo aka kanali kachilendo kwa kenelo, mtima wa pulogalamu yonse yoyendetsa kompyuta. Panafunika kachidutswa kowonjezera kotchedwa modulo, koti ndimange ndekha kuchokera ku malemba ake oyambirira. Ndinapita ku kafe ya intaneti m'tauni, ndinakopera malembawo pa fulashi, n'kubwerera pa minibasi thumba la kabichi la eni ake lili pamiyendo panga.

Kumanga modulo n'kudikira basi. Umalamula, mizere n'kumathamanga pa sikirini, iwe n'kumayang'ana ngati wophika nyemba. Magetsi anazima ntchito ili pakati. Ndinalankhula mawu osayenera kulembedwa pano, n'kuyambiranso atayaka.

Itatha, mtima unkati lumikiza disiki ya amayiwo pompo. Koma kwathu wophika thobwa amayamba walawa yekha asanapatse mlendo. Ndinatenga disiki yanga yakale, ndinaisanja mofanana ndi yawoyo, n'kuyesa kulembamo nyimbo zanga. Kompyuta inauma gwaa. Nditaiyatsanso, zonse zimene ndinaikamo zinali phala. Ndinatuluka thukuta, maso ali pa chitenje chija. Mbali ya modulo yolembera m'disiki inali yosakhwima, choncho ndinaimanganso nditaitsekeratu mbaliyo, kuti izingowerenga osakhudza kanthu. Pa disiki yanga ndinaiyesa mobwerezabwereza mpaka mtima unakhala pansi.

M'mawa uliwonse amayiwo ankaima pampanda, tsache lili m'manja. "Zatheka?"

"Zikutheka, amayi."

"Kuthamanga sikufika," ankatero, koma ndinkaona kuti nkhawa ikuwadya.

Ndinawaitana masana ena dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pa kampando kanga ka pulasitiki, ine n'kulumikiza disiki yawo. Mafayilo anatuluka onse, ndipo ndinasangalala kwambiri moti ndinaomba m'manja ndekha. Ndinatsegula fayilo yoyamba.

Kwaya inayamba bwino, kenako kunamveka kugogoda pa benchi. Mawu a malemu anadzaza chipinda, aukali ngati kale: "Taimani, taimani! Amayi a kumapetoko, mwathamangiranso kutsogolo. Mukupita kuti?"

Amayiwo anagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti alira, ndipo misozi inalidi m'maso, koma anaphulika kuseka.

"Akunena ine," anatero. "Munthu ameneyu ankandinamizira pagulu, pomwe wochedwa anali iyeyo. Bwezanso, mwananga, andikalipirenso."