Chitupa Changa, Golide wa Malume

Kalata ija inandipeza kusukulu ku Chegutu kumene ndimaphunzitsa, ndipo amene anailandira ndi ahedi. Tangoganizani manyazi ake. Ofesi yofufuza za misonkho inkandiitana Lachinayi kuti ndikafotokoze za golide amene akuti ndakhala ndikugulitsa kwa zaka zitatu. Ine golide! Ngakhale ndolo zanga ndi za pamsika.

Koma mwini nkhani ndinamudziwa msanga. Malume anga, achimwene awo a amayi, amakumba golide ku Gadzema. Anabadwira pafamu, makolo awo ochokera ku Malawi, ndipo mpaka kumera imvi analibe chitupa. Wogula golide amafuna chitupa, ndiye anabwereka changa, ati kamodzi kokha. Kwathu mwini mbumba sakanizidwa kanthu, komanso ndi iwowo anandiphunzitsa bambo atamwalira. Ndinapereka. Sindinadziwe kuti anakachijambulitsa n'kumayenda nacho m'thumba.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera kombi kupita kwa amayi ku Waverley. Malume ndinawapeza pakhonde akupala matope ku jombo zawo.

"Malume, mawa ndikanena chiyani?"

"Ukanene kuti golideyo ndi wako. Iwe uli ndi mapepala, boma limakudziwa. Ine akandigwira akanditaya kuti? Ku Malawiko sindidziwako ngakhale mtengo umodzi."

"Nanga ntchito yanga? Mphunzitsi wonama atalumbira amachotsedwa."

Amayi anayankhira pakhomo, osandiyang'ana. "Mwana satchula malume ake pabwalo. Ndalama imapezeka, m'bale sagulidwa."

Ndinakwiya kwambiri. Chitupa changa, dzina langa, ana anga awiri amene amadya choko chomwecho, koma wopanda ulemu ndinali ine.

Ku ofesi ndinakhala pabenchi m'mawa wonse ndikukonza bodza. Anandiitana mayi wina wocheperapo kwa ine, waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo unkandinyansa chifukwa ndinkafuna munthu wokangana naye. Anandilumbiritsa, kenako anandiyalira mapepala a wogula golide uja. Pansi pa lililonse panali dzina langa, lolembedwa pang'onopang'ono ndi dzanja lozolowera piki, zilembo zikutsamirana.

"Analemba apa ndinu?" anafunsa.

Ndinayang'ana zilembo zija nthawi yaitali. Munthu amene analemba movutikira chotero ndi yemwe ankandigulira makope kuti ine ndidzalembe bwino. Komabe bodza linandikanika.

"Si ine. Ndi malume anga."

Malume sanawamange, sanawathamangitse m'dziko. Anawaitana, anawauza zoyenera kukonza, ndipo pomwepo malume anayamba kuyendera za chitupa chawochawo. Ntchito yanga inatsala. Ndinkaganiza kuti pakapita masiku wina andiuza kuti ndinachita bwino, koma palibe anatero.

Patatha mwezi ndinapitanso ku Waverley nditanyamula shuga ndi mafuta. Malume anali pakhonde pomwe paja. Chibadwire changa sanandilankhulepo m'Chishona. Chimenecho amasungira apolisi ndi anthu osawadziwa. Ndinagwada monga mwa masiku onse.

"Muli bwanji, malume?"

Anavula chipewa, n'kundiyankha mwaulemu wonse ndi moni wa m'Chishona.

"Makadii henyu, ticha."

Ndinabwerezanso moni wanga m'Chichewa. Iwo anali atatembenuka kale, akufunsa amayi ngati mlendoyu wapatsidwa mpando.