Ndinaima Pamzere Nditavala Zoyera Ndekha

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisunga ndi moyo m'ndende. Koma inu owerenga, chimene chinandilowetsa m'menemo ndi liuma langa, limene ine ndinkaliyesa chikhulupiriro.

Dziko linali litangolandira ufulu, mkuwa ukuyenda malonda. Amuna anga ankagwira ntchito mumgodi ku Kitwe, tikukhala m'komboni ya Chimwemwe. Lachinayi lina ndikuchokera ku mapemphero a amayi, nditavala bulauzi yoyera ndi duku loyera monga mwa mwambo wa mpingo wathu, apolisi anandigwira pamsewu. Ati mayi wina wovala zoyera waba nsalu m'sitolo ya m'tauni.

Amuna anga anathamangira kupolisiko, nandichonderera kuti ndisalole chilichonse kufikira atapeza loya. Ndinawakalipira. Ndinati loya ndi wa anthu olakwa, ine Nkhoswe yanga ili kumwamba. Anandibweretsera deresi kuti ndisinthe, ndinakananso, poganiza kuti zovala za mpingo zindichitira umboni.

Wapolisi wina wa maso ofiira anandikoka dzanja akuseka, nanditcha mayi m'chilankhulo cha kumeneko. "Ba mayo a Baibulo, imani apa, tione ngati angelo anu abwere."

Anandiimika pamzere ndi amayi a mumsika amene anangowatola panja, onse atavala zitenje zamaluwa. Wa zoyera ndinali ndekha. Mwini sitolo atalowa sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Analoza duku langa n'kutuluka.

Loya anapezeka mlandu utafika kale kukhoti. Anandiuza kuti akadakhalapo tsiku lija akadaukana mzere wotero. Tsono ndani akanandichitira umboni? Wapolisi uja anagwira Buku Lopatulika ndi dzanja lake lonyansalo, nalumbira kuti tonse tinavala mofanana. Njoka ya munthu! Ndimapemphera tsiku ndi tsiku kuti ndimukhululukire, koma mtima sunalolebe.

Khoti linanditumiza kundende. Mwana wanga wamkazi anali pabere, alamu anga anamuletsa kuyamwa ndi phala. Pamene ndinkatuluka, ndinatambasula manja kuti ndimunyamule, iye anathawira kumbuyo kwa alamuwo akulira.

Inu owerenga, apolisi akafuna kukuimikani pamzere kuti munthu akulozeni, nenani kuti mukufuna loya wanu akhalepo, ndipo musasunthe pa mawu amenewo. Kufuna loya si kuvomera mlandu. Amene alibe mlandu ndiye amadyedwa msanga m'zipinda zija, chifukwa amalowa osaopa kanthu. Mulungu amapulumutsa, inde, koma nthawi zambiri amatuma munthu. Musamubweze pakhomo ngati ine.

Ambuye akutchingireni ku lilime lonama ndi ku chala choloza mwachisawawa, ndipo ana anu agone m'manja mwanu masiku onse. Ameni.