Dzimbiri la Mfuti ya a Mehboob

Absalom Kamwendo sanabadwire ntchito yosambitsa nkhalamba za eni. Kwawo ndi ku Mkanda, m'boma la Mchinji, pakhomo pomwe pankanunkha onga ndi mafuta a makina, chifukwa bambo ake, a Langton, ndiwo ankakonza mfuti za gogodera za alenje a dera lonselo. Mkulu ameneyu analibe nthabwala pa dzimbiri. Mlenje akabwera ndi mfuti yofiira, ankayamba walandira mwano asanapatsidwe mpando. Absalom anakula akukwecha zitsulo ndi phulusa, kenaka anawotcherera mageti ku Lilongwe zaka makumi awiri, mpaka kuzimazima kwa magetsi kunamuthawitsira makasitomala onse.

Mu 2023, imvi zitayamba kale, anakwera ndege kudzasamalira okalamba ku Leicester. Viza yake inamangiriridwa pa kampani imodzi ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito ikanatha, iye, mkazi wake Nellie ndi ana awiri omwe anali atangozolowera sukulu akanayenera kulongedza.

Kampaniyo inamutumiza ku Evington, dera lina la mumzindawu, kwa a Mehboob, nkhalamba yobadwira ku Limbe, yomwe mutu wake unali utayamba kutaya Chingerezi n'kusunga Chichewa cha pa sitolo. Pabalaza pawo panapachikidwa mfuti yauzimba ya ku Germany, ya zaka zoposa mazana awiri, mtundu uja umathetheka moto mwala ukamenya chitsulo. Pambali pake panali nyanga yosungira onga ndi kachikwama ka zipolopolo. Chitsulo chonse chinali bii! Absalom akamapereka mankhwala, maso ankathawira kukhomako, mtima n'kumamuwawa.

"Imeneyo ndinagula ndili ndi mphamvu zanga," anatero a Mehboob tsiku lina masana. "Mumazidziwa mfuti, achimwene?"

"Ndinakulira momwemo, madala. Koma iyiyi ikumvetsa chisoni. Dzimbiri laidya."

"Ndiye ipukuteni. Ana angawa sadziwa kanthu."

Munthu akamva ludzu simumuuza kawiri kuti amwe. Absalom anagula sandipepa ndi vanishi, ndipo kwa masabata atatu, nthawi yake yopuma inkathera pa tebulo la kukhitchini. Anamasula kachitsulo kalikonse. Kachikopa kogwira mwala kanali katafumbwa, iye anadula lamba wake womwe n'kuikapo. Pansi pa mdima uja panatuluka agwape ndi agalu ozokotedwa mwaluso, ndipo a Mehboob ankawawerenga ndi chala akuseka ngati mwana. Masiku amenewo nkhalamba inkamaliza chakudya chonse. Nayenso Absalom, chifikireni kuno, aka kanali koyamba kuti manja ake agwire ntchito yomwe ankaidziwa.

Koma chifundo chinapha nkhwali. Huda, mwana wamkazi wa a Mehboob, anafika Loweruka ndi mzungu wodziwa zinthu zamakedzana, poti abale anali atagwirizana kuti mfutiyo igulitsidwe. Mzunguyo anavala magolovesi oyera, anaitembenuza kamodzi, n'kuusa moyo ngati wafika pamaliro. Akuti kuda kuja ndiwo unali umboni wa ukalamba wake, ndipo n'kumene ogula amafuna. Akuti sandipepa wafafaniza zaka mazana awiri. Dziko lanji ili, lomwe dzimbiri ndi chuma, wolichotsa n'kukhala chigawenga!

"Wakuuzani ndani kuti muigwire?" anafunsa Huda.

Absalom anagwada pafupi ndi mpando wa nkhalamba. "Madala, auzeni. Si munandituma ndinu?"

Linali limodzi la masiku oipa aja omwe mutu wa nkhalamba unkasokonekera. A Mehboob anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwaulemu ndithu, "Kodi inu ndinu ndani?"

Lolemba anaitanidwa ku ofesi. Manijala wake, Natalie, mayi wa ku Chipata, anamusunthira pepala osamuyang'ana m'maso.

"Ba Absalom, family yakomplena. Mukasayina apa kuti munadamaja property ya client chifukwa cha kusadziwa, tizakupasani warning chabe, kuja simubwelelako. Mukakana, nkhani iyenda ku mabosi, na sponsorship ya viza yanu yasila."

"Koma mayi, ine sindinawononge. Ndinakonza."

"Niziba. Manje pa pepa palibe malo yolembapo izo."

Kusadziwa! Iye, amene akanatha kumasula mfuti ija atatseka maso, alembe ndi dzanja lake kuti ndi mbuli. Akanakhala ku Lilongwe akanaling'amba pepalalo n'kumenyetsa chitseko. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Anaganiza za Nellie amene anali atangopeza ntchito, ndi za ana amene m'mawa womwewo anakwera basi ya kusukulu osadziwa kanthu. Anatenga cholembera n'kusayina dzina lonse, mwaukhondo.

Absalom akadali ku Leicester mpaka lero, ndipo pa ntchito palibe amene amamudandaula. Amafika nthawi yake, amasambitsa, amadyetsa, amalemba zomwe wachita. M'nyumba zomwe amalowa muli zitseko zolira, mipope yodontha, mawilo a njinga za olumala ofuna kadontho kamodzi ka mafuta. Zonsezi amaziona ndithu. Amangopisa manja m'thumba n'kudutsa.