Mapazi a Bambo Juwawo

Lelo mvula itakata, fungo la dothi lonyowa landikumbutsa a Juwawo, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kwathu ku Mwape. Popita kumunda ankangoponda mmene mwaponda ng'ombe, maso ali pansi. Ife ana tinkati ndi mbava yobisa mapazi ake, ndipo tinkawalonda m'tchile kuti tiwaone akuba.

Tsiku lina mng'ono wanga anadumphila m'udzu kukatola mango. A Juwawo anamugwila mkono mwamphamvu.

"Iwe mwana, osaponda pamene sipanapondedwe!"

Tinathawa tikukuwa kuti amaba ana. Kunyumba, amai anatikhazika pansi.

"Akazi awo anaponda bomba lokwililidwa panjila, mwana ali kumbuyo," anatelo.

Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti tinkazonda munthu amene ankangoopa kuikanso mwana m'manda.