Tsiku Limene Anachotsa Ababa pa Upulezidenti

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona koyamba pulezidenti akuchotsedwa pa mpando, ndipo pulezidentiyo anali bambo anga ondibereka.

Inali nthawi ya Chitaganya. Tinkakhala pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Macheke, m'komboni ya nyumba za udzu imene inayang'anizana ndi mabalani owotcheramo fodya. Nyengo yokolola ikafika, fungo la fodya linkalowa paliponse, m'zovala, m'mabulangete, ngakhale m'madzi akumwa. Ambiri m'kombonimo anali ochokera ku Nyasalande, ena ku Tete. Ababa anachoka ku Ntcheu ali mnyamata. Ine ndinabadwira pa pulazipo, ndipo kwathu ndinkangokumva m'nkhani za akuluakulu.

Munthu wa kutali saopa njala monga mmene amaopera kufera pachilendo n'kukwiriridwa ngati galu. N'chifukwa chake anthu a m'komboni anali ndi bungwe la maliro, limene tinkalitcha beria. Bungweli linkapereka bokosi, nsalu yophimbira, ndi amuna okumba manda. Mtsogoleri wake ankatchedwa pulezidenti.

Pulezidenti woyamba anali aNkhoma, amene anayambitsa bungweli. Anthu ankawakumbukira mwachikondi chifukwa anali ofatsa ndi opirira, koma sankatha kukaniza munthu kanthu. Pa nthawi yawo makasu ndi mafosholo a beria ankapezeka m'madimba mwa anthu, tsiku la maliro n'kumasowa chokumbira. ANkhoma atabwerera kumudzi, anthu anasankha Ababa, amene onse ankawatchula ndi mfunda wawo kuti aMbewe.

Ababa anali amtali, a mawu aakulu, komanso mkulu wa mpingo. Ndiwo anakwera masitepe a khonde la mzungu, chipewa chili m'manja koma maso osagwetsa pansi, n'kupempha malo a manda. Kale anthu ankaikidwa m'mphepete mwa dambo, kumene ng'ombe zinkapondaponda. Ababa anapeza malo ouma pa kamtunda, anapeza matabwa a mabokosi, ndipo mzungu anavomera kuti operekeza maliro asamawerengedwe ngati ojomba kuntchito. Pa maliro ankavala jekete lakuda ndi lamba wofiira wodutsa pachifuwa. Ine ndinkayenda pambuyo pawo mutu uli m'mwamba.

Koma Ababa sankamva za munthu. Akanena, anena. Pa msonkhano munthu akaimirira kuti atsutse, ankangomuyang'ana mpaka wakhala pansi yekha. Ine ndinkayesa kuti upulezidenti ndi womwewo.

Chaka chimenecho anamwalira aGama, bambo wotsimphina amene ankalondera mabalani. Iwo sankapita ku tchalitchi. Anali a gule wamkulu. M'mawa mwake mkazi wawo, Naphiri, anabwera kwathu n'kugwada pakhomo. Ine ndinali kusesa pabwalo, choncho ndinamva zonse.

"AMbewe," anatero, "amuna anga anasiya mawu. Anati zilombo za gule zidzawaperekeze."

"Kumanda kwa beria sikulowa chilombo," anayankha Ababa. "Malo aja ndinapempha ndine. Mukafuna gule, bokosi la bungwe musaliyembekezere."

"Akhala m'bungwemu kuyambira nthawi ya aNkhoma."

"Ndanena."

Amayi anatuluka m'nyumba n'kuyamba kuti, "Abambo a Esinati…" Ababa anangokweza dzanja, Amayi n'kubwerera m'nyumba. Naphiri anakhalabe chogwada kanthawi, kenako anadzuka, napukuta maondo ake, n'kumapita osatembenuka.

AGama anaikidwa m'mphasa, kudambo kuja. Ng'oma zinalira kuyambira m'mawa, ndipo anthu ambiri, ngakhale a mpingo ena, anapita kukaperekeza. Ababa anapita kuntchito.

Lamlungu lotsatira masana kunali msonkhano pansi pa mkuyu wa pakati pa komboni. Ndinakhala pakati pa azimayi. Anthu amene ndinkawadziwa, amene ankadya kwathu, ankaimirira mmodzimmodzi. Wina anati aMbewe asandutsa beria kukhala munda wawo. Wina anati tinathawa mzungu mmodzi kuntchito, tikupeza wina kumanda. Tsiku limenelo maso a Ababa sanakhazike munthu pansi. Anthu anakweza manja, ndipo anasankha aZuze, woyendetsa ngolo ya ng'ombe wochokera ku Tete, munthu wansangala amene ankagwirizana ndi a mpingo ndi a gule omwe. Ababa anavula lamba uja, anamupinda bwinobwino, n'kumupereka ndi manja awiri.

Anthu aja akanakhala kuti akunama, bwenzi ndili wokwiya basi, ndipo mkwiyo ndi wosavuta kunyamula. Koma ndinali nditamuona Naphiri atagwada. Ndinasiya kuyenda pambuyo pa Ababa popita ku tchalitchi. Akandiitana ndinkayankha maso ali pansi. Tsiku lina ndikuthandiza Amayi kusankha nyemba za phoso, ndinawafunsa.

"Amayi, kodi Ababa ndi munthu woipa?"

Amayi anapitiriza kusankha nyemba, kenako anati, "Kuyambira mawa uzikatungira madzi Naphiri. Alibe womuthandiza."

Ndinkapita m'mawa uliwonse, kutula chidebe pakhomo n'kuthawa. Naphiri sanali mayi wochezeka, ndipo maliro aja anamuumitsa nkhope. Tsiku lina anandiimitsa akutongola mtedza pakhonde.

"Iwe mwana wa Mbewe, ukuyenda ngati waba nkhuku bwanji?"

Ndinagwada n'kunena kuti ndikuchita manyazi ndi zimene Ababa anawachita.

"Uchite ndithu," anatero. "Anandidula mtima, ndipo sindinawakhululukire. Koma ukudziwa mmene mwendo wa amuna anga unathyokera?"

Ndinapukusa mutu.

"Ngolo ya fodya inawagwera, iwe uli kumsana. Atatuluka m'chipatala, bwana anati munthu wa mwendo umodzi alibe ntchito pano, tichoke. Amuna onse a m'komboni muno anayang'ana pansi. Bambo ako anapita okha kunyumba yaikulu. Anawathamangitsa, mawa lake anapitanso. Anawathamangitsanso, anapitanso, mpaka anabwerako ndi ntchito ya ulonda." Anataya makoko a mtedza pansi. "Mutu wouma womwewo ndi umene unatisunga pano, ndi womwewonso unandikaniza bokosi. Ndiye ndiuchite chiyani? Ndiudule pakati?"

Kenako anandipatsa mtedza wodzaza manja n'kunena kuti ndizipita.

Nthawi ya aZuze inayamba bwino. Misonkhano inkatalika chifukwa aliyense ankalankhula mpaka kukhuta, ndipo munkamveka kuseka. Anagwirizana kuti manda a pa kamtunda akhale a onse, a nyimbo za mpingo aziimba, a ng'oma aziomba. Anthu ankati tsopano tapuma.

Kenako fodya anayamba kucha, ndipo pa pulazi panabwera antchito atsopano ofuna nyumba. M'mawa wina ndikutula madzi, kapitawo anafika pakhomo pa Naphiri. Anati bwana wanena kuti nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito, ndipo popeza aGama kulibe, mayiyo achoke mwezi usanathe. Naphiri anachoka kwawo ku Dedza ali mtsikana. Analibe mwana wamoyo, ndipo sankadziwa ngati kumudzi kunali womukumbukira. Anangokhala pansi pomwepo, manja ali pamutu.

Ndinathamangira kukhola kumene aZuze ankamanga ng'ombe. Anandimvetsera mwachifundo, mpaka misozi inalengeza m'maso mwawo. Kenako anakanda kumutu.

"Eee, mwana wanga, nkhani ya bwana imeneyo. Tiitanitse msonkhano, timve maganizo a anthu."

Msonkhano unachitika. Aliyense analankhula, aliyense anadandaula, ndipo onse anagwirizana kuti zimenezi si zabwino. Koma palibe amene anapita kunyumba yaikulu. Masiku ankatha, ndipo Naphiri anayamba kumanga katundu wake m'nsalu.

Ndinawapeza Ababa kuseri kwa nyumba akumata chubu cha njinga. Ndinagwada patali pang'ono n'kuwafotokozera.

"Beria ili ndi pulezidenti wake," anatero osandiyang'ana.

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinati, "Ndiye kulimba mtima kwanu kunali mu lamba uja, Ababa?"

Ndinatsinzina kuyembekezera khofi. Silinabwere. Nditatsegula maso, Ababa anali kundiyang'ana ndi maso aja amene ankakhazika amuna pansi, koma ine ndinali kale pansi. Patapita nthawi anaika chubu pa mwala, anasamba m'manja, n'kulunjika kunyumba kwa aZuze.

M'mawa mwake, chitsulo choitanira anthu kuntchito chisanalire, amuna awiri anakwera njira ya kunyumba yaikulu. AZuze anali patsogolo atavala lamba, Ababa pambuyo pawo. Ndinawatsatira mpaka pa mpanda wa maluwa, pamene ana a m'komboni sitinkaloledwa kupitirira.

Zimene zinachitika pakhondepo anadzafotokoza ndi aZuze eni ake, akuseka, kwa aliyense wofuna kumva. Anati akanabwerera pa masitepe pomwepo, koma kumbuyo kunamveka mawu akuti, "Lankhulani, achimwene, ndili pano." Bwana atayamba kukalipa, Ababa sanasunthe ngakhale phazi, ndipo aZuze anachita manyazi kuthawa. Choncho anayamba kulankhula, ndipo pakamwa pawo panali pokoma. Anamukumbutsa bwana kuti nthawi yonse ya ulonda wa aGama palibe balani imene inapsa. Anamuuza kuti manja a Naphiri amamanga fodya msanga kuposa a anyamata atsopanowo. Anamuseketsa. Ababa akanakhala okha, mwina akanapambana patapita masiku ambiri a mkangano, kapena akanachotsedwa ntchito. AZuze akanakhala okha, sakanafika n'komwe.

Naphiri anapatsidwa ntchito m'shedi yosankhiramo fodya. Nyumba ija anachokamo ndithu, koma anamupatsa kanyumba kena kakang'ono kumapeto kwa komboni, ndipo anakhala mmenemo mpaka ukalamba.

Ababa sanabwerere pa mpando, ndipo sanapepese za maliro a aGama. Ankakhulupirira mpaka imfa yawo kuti anachita zoyenera pamaso pa Mulungu. Naphiri naye sanawathokoze. Akakumana panjira ankapatsana moni wa "mwaswera bwanji", n'kupitirira. Ine ndinayambanso kuyenda nawo popita ku tchalitchi, koma tsopano pambali pawo, ndipo nthawi zina ndinkawafunsa mafunso amene sankawakonda.

Lero ndine wokalamba, ndimakhala ndi adzukulu ku Goromonzi. Ndaona mapulezidenti enieni a mayiko awiri, la kuno kumene ndinabadwira ndi la makolo anga, akukwera ndi kutsika. Wina anadzaza nkhokwe koma anatseka anthu pakamwa. Wina anatsegula pakamwa pa anthu, nkhokwe n'kuyamba kuchepa. Wina anatsegulira ana a m'komboni zitseko za sukulu, ndipo mu ulamuliro wake womwewo ambiri a ife tinasowa pokhala. Adzukulu anga akamakangana za iwo, amafuna kuti ndisankhe mbali. "Gogo, anali wabwino kapena woipa?" Ndimawauza zimene munthuyo anamanga, ndimawauzanso amene analira chifukwa cha iye, ndipo sindichotsapo chimodzi kuti chinacho chioneke bwino. Ndaona kuti nthawi zambiri mphamvu ya mtsogoleri ndi kufooka kwake zimachokera pa muzu umodzi, ndipo amene amafunika kwambiri kwa iye ndi uja amene ali ndi chimene iye alibe.

Adzukuluwo amati ndikuzemba funso. Sindizemba. Ndinaphunzira kuweruza atsogoleri pa munthu amene ndinkamukonda kuposa onse. Sindinasiye kuwakonda Ababa, ndipo sindinanenepo kuti Naphiri ananama.